Nyimbo ya gulu la Luv' ya mu 1978: inatuluka bwanji, ndipo anthu anailandira motani?

Mwana wa ku Luwinga analemba kuti:

Moni nonse, makamaka inu makolo athu amene munavinako nyimbo za m'zaka za m'ma 1970. Pakati pa zimbale zimene amalume anga amasunga kuno ku Luwinga pali kachimbale kakang'ono kamene pachikuto pake pali atsikana atatu. Dzina la gululo ndi Luv', nyimboyo ndi "You're the Greatest Lover", kampani yake ndi Philips, ndipo chaka chimene chalembedwapo ndi 1978. Amalume akunena kuti nyimboyi inkavinidwa kwambiri pa maukwati, ndipo iwo ndi anzawo ankaiyesa ya ABBA, gulu lotchuka la ku Sweden, koma munthu wina wandiuza kuti atsikanawa anali a ku Netherlands.

Ndikupempha amene akudziwa bwino andifotokozere kuti atsikanawa anali ndani, nyimboyi inatulutsidwa bwanji, anthu a kwawo ndi a maiko ena anailandira motani, komanso chifukwa chimene Adatchi ankaimbira m'Chingerezi pamene ali nacho chilankhulo chawo. Sindikufunsa chifukwa cha chidwi chokha. Ine ndi anzanga awiri timaimba limodzi ndipo tikukonzekera kutulutsa nyimbo yathu yoyamba, koma bambo amene akutijambula ku situdiyo akufuna kutisankhira zonse, kuyambira nyimbo yeniyeniyo, zovala, mpaka dzina la gulu. Tikufuna kudziwa ngati anzathu amene anatchuka kalewo anayenda njira yomweyi, ndi kumene inawafikitsa.

Mphunzitsi wopuma wa ku Katoto anayankha kuti:

Mwana wanga, amene anakuuzaniyo sananame. Gulu la Luv' linali la ku Netherlands, ndipo linakhazikitsidwa mu 1977 ndi akatswiri awiri okonza nyimbo, Hans van Hemert ndi Piet Souer. Van Hemert sanali mlendo pa ntchitoyi, chifukwa ndiye anali kumbuyo kwa oimba awiri aja otchedwa Mouth & MacNeal, amene anakhala pa nambala 3 pa mpikisano wa nyimbo wa maiko a ku Ulaya wotchedwa Eurovision mu 1974, chaka chomwecho chimene ABBA inapambana ku Brighton. Iye ndi mnzakeyo anayamba kukhala ndi ganizo la gulu la atsikana atatu, kenako n'kuyamba kufunafuna atsikana oti alowemo. Amene anapezeka ndi José Hoebee, amene anali ataimbako kale nyimbo za mtundu wa folk ndi country, Marga Scheide, amene ankagwira ntchito yoonetsa zovala, ndi Patty Brard, amene anabadwira ku New Guinea nthawi imene chigawo cha kumadzulo kwa chilumbacho chinali m'manja mwa Adatchi. Choncho funso lanu lomaliza ndaliyankha kale pang'ono: atsikanawa sanakulire limodzi ngati inu ndi anzanu, anachita kusonkhanitsidwa.

Kuti mumvetse nyimbo imene muli nayoyo, muyenera kudziwa zitatu zimene zinaitsogolera, chifukwa ndi zimene zinalambula njira. Yoyamba inali "My Man" ya mu 1977, nyimbo yachisoni yonena za imfa ya munthu wogwira ntchito pa njanji. Inatuluka m'nyengo yovuta kwambiri, pakuti pa 23 Meyi chaka chimenecho achinyamata a fuko la ku zilumba za South Moluccas za ku Indonesia analanda sitima ya pamtunda pamalo otchedwa De Punt, kumpoto kwa dzikolo, n'kusunga anthu mokakamiza mpaka pa 11 Juni, pamene asilikali analowererapo ndipo anthu 8 anafa. Ngakhale zinali choncho, nyimboyo inafika pa nambala 12 pa mndandanda wa nyimbo zotchuka wa Top 40. Yachiwiri, "Dream, Dream", sinapite patali, moti gulu likanatha kuthera pomwepo.

Chimene chinawapulumutsa ndi wailesi ya kanema. Kumayambiriro kwa 1978 bungwe loulutsa mawu la VPRO linali ndi pulogalamu yanthabwala yolembedwa ndi Wim T. Schippers, yotchedwa "Het is weer zo laat!", imene nkhani yake inkachitikira m'nyumba ya zisangalalo za usiku yotchedwa Waldolala. A Luv' anaimba nyimbo yotsegulira pulogalamuyo, "U.O.Me", ndipo ankaonekeramo. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo dziko lonselo linali ndi matchanelo awiri okha a kanema, kotero munthu woonekera mobwerezabwereza pa imodzi mwa iwo ankadziwika pafupifupi m'nyumba iliyonse. Nyimboyo inafika pa nambala 3.

Choncho pamene Philips inkatulutsa "You're the Greatest Lover" pakati pa chaka cha 1978, m'nyengo yawo yotentha imene anthu amakhala pa tchuthi, nkhope zitatuzo zinali zodziwika kale. Van Hemert ndi Souer analemba nyimboyo pogwiritsa ntchito dzina lobisalira lakuti Janschen & Janschens, limene mwina mulipeza m'zilembo zing'onozing'ono pansi pa mutu wa nyimbo pa kachimbale kanuko. Anaipatsa kugunda kofulumira, malipenga omveka ngati a ku Latin America, ndi kolasi yoti ngakhale munthu wosadziwa Chingerezi angathe kuyimba atangoimva kawiri. Inakwera mpaka pa nambala 1 ku Netherlands ndi ku Belgium, kenako chakumapeto kwa chaka inakhalanso pa nambala 1 ku West Germany, umene unali msika waukulu koposa wa zimbale ku Ulaya, kupatula zilumba za Britain. Inagulidwanso kwambiri ku Switzerland ndi ku Austria, ndipo anaijambulanso m'Chisipanishi. Koma ku Britain ndi ku America sinaphule kanthu, ndipo n'chifukwa chake mabuku ambiri a mbiri ya nyimbo olembedwa m'Chingerezi salitchula gululi.

Za chilankhulo, yankho lake ndi la msika. Netherlands inali ndi anthu pafupifupi 14 miliyoni, ndipo kupatula chigawo cha Flanders ku Belgium, Suriname ndi zilumba zingapo, Chidatchi sichimveka kwina. Oimba a kumeneko anali ataona kale kuti Chingerezi chimatsegula zitseko: Shocking Blue inafika pa nambala 1 ku America mu 1970, Teach-In inapambana Eurovision mu 1975, ndipo Pussycat inafika pa nambala 1 ku Britain mu 1976. Maganizo anga ndi akuti nyimbo yanuyo inapambana chifukwa panali anthu odziwa ntchito amene anaikonzera nthawi, kanema ndi msika, ndipo musafulumire kunyoza bambo wa ku situdiyo amene akufuna kukukonzerani zinthu.

Mayi wa ku Chiputula anayankha kuti:

Aphunzitsi, mbiri mwaiyala bwino ndipo sindikutsutsa chaka ngakhale chimodzi, koma ndikukana pamene mwathera. Mwafotokoza ngati kuti atsikana atatuwo anali katundu amene abambo awiri anangomuika pa shelefu, pamene zimene mwanena nokha zikusonyeza zina. Abambo omwewo, ndi luso lawo lomwelo, ndi amene anakonza "Dream, Dream" imene sinagulidwe. Chimene chinasintha mu 1978 n'chakuti anthu anawaona atsikanawo ndi maso, n'kuwakonda. Wokonza nyimbo angathe kugula nthawi pa kanema, koma sangagule chikondi cha munthu amene wakhala pa mpando kunyumba kwake.

Ndikufuna kuti mwanayu amvetserenso kachimbale kake ndi khutu la woimba. Mawu amene akutsogolera ndi a José Hoebee, amene anatsogolera nyimbo zambiri za gululi, ndipo ndi mawu olimba, osagwedezeka, amene akukhala pamwamba pa malipenga ndi ng'oma popanda kukuwa. Umboni woti mawuwo anali ndi mphamvu paokha unabwera gulu litatha, pamene José anafika yekha pa nambala 1 ku Netherlands mu 1982 ndi nyimbo yakale ya "I Will Follow Him". Patty Brard naye anakhala mmodzi mwa anthu odziwika kwambiri pa kanema wa dzikolo kwa zaka zambirimbiri. Anthu otere sanali zidole.

Kufanana ndi ABBA kumene amalume anu anamva n'koona, ndipo anthu ambiri ku Ulaya anakumvanso. Mawu a akazi osanjikizana, kolasi yobwerezabwereza, Chingerezi chosavuta cha anthu amene si chilankhulo chawo chobadwa nacho, zonsezi zinali m'fasho nthawi imeneyo, pamodzi ndi magulu okonzedwa ku Germany monga Boney M. ndi Silver Convention. Anthu odzitcha odziwa nyimbo amakonda kupeputsa nyimbo zotere, kunena kuti ndi zopepuka ndiponso zongofuna ndalama. Ine sindiona choncho. Kupeka nyimbo ya mphindi zitatu imene agogo, mkwatibwi ndi mwana wa sukulu angavinire pa bwalo limodzi ndi ntchito yovuta kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo ochepa okha ndi amene amaitha.

Nkhani yosonkhanitsa atsikana si ya Azungu okha. Ku South Africa, Rupert Bopape anasonkhanitsa Mahotella Queens mu 1964 pansi pa kampani ya Gallo, ndipo m'zaka zoyambazo oimba ankasinthidwasinthidwa, mawu omwewo n'kumatuluka pa zimbale za maina osiyanasiyana. Lero tikamakumbukira nyimbo zawo za mtundu wa mbaqanga timatchula amayiwo poyamba, koma pa nthawiyo mphamvu yonse inali m'manja mwa wokonza nyimbo ndi kampani. Apa ndi pamene pali nkhawa yanga pa ana athuwa. Ndalama zazikulu za nyimbo zimatsata wolemba ndi mwini wa chojambulidwacho, osati nkhope imene ili pachikuto. Pa kachimbale kanuko, amene alembedwa kuti ndi opeka si José, Marga kapena Patty. Nyimbo ikamaulutsidwa pa wailesi zaka makumi anayi pambuyo pake, gawo la wopeka limapitabe kwa amene analembedwa pamenepo.

Ndiwonjezere chimodzi chokhudza kuno kwathu. Ife amene tinali atsikana mu 1978 tinkalandira nyimbo zimenezi ndi makutu okha, chifukwa Malawi inalibe wailesi ya kanema mpaka 1999. Zovala zimene atsikana a ku Ulaya ankavala pa siteji sitikanatha kuzivala n'komwe, pakuti lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala buluku ndi masiketi osaphimba mawondo. Ndiye ku Netherlands nyimboyi inathandizidwa ndi kanema monga mwanenera, Aphunzitsi, koma ku Mzuzu inalibe chothandizira china kupatula kamvekedwe kake, ndipo anthu anaivinabe.

Wokonza mawailesi wa ku Chibavi anayankha kuti:

Ine ndiyankha mbali imene ndimaidziwa, ya chimbale chenichenicho ndi njira zimene nyimbo zakunja zinkafikira kuno kumpoto. Chimene muli nachocho, chemwali, ndi chimbale cha mainchesi 7 chozungulira maulendo 45 pa mphindi. Chinkanyamula nyimbo imodzi mbali iliyonse. Mbali yoyamba ndi imene kampani inkaikankhira ku mawailesi, ndipo yachiwiri inali yongoperekeza. Mndandanda wa Top 40 umene Aphunzitsi akutchula unayambitsidwa mu 1965 ndi Radio Veronica, wailesi imene inkaulutsa mawu kuchokera m'sitima ya panyanja mpaka 1974, ndipo unkatsata kwambiri kugulidwa kwa zimbale zing'onozing'ono zoterezi m'masitolo. Choncho nambala 1 ya nthawi imeneyo inkatanthauza kuti anthu anatulutsa ndalama m'thumba n'kupita nayo nyimboyo kunyumba, zimene n'zosiyana ndi kudina batani pa foni. Pambali pa mndandandawo panali mapulogalamu a nyimbo a pa kanema, TopPop ku Netherlands ndi Musikladen ku Germany, kumene magulu onga Luv' ankaonekera nyimbo yatsopano ikangotuluka.

Kuno kwathu wailesi inali imodzi yokha, MBC, ndipo nyimbo ndi mabuku zinkadutsa m'maso mwa bungwe lounika zofalitsidwa. Koma munthu amene anali ndi wailesi yabwino yogwira shotiwevu ankatha kumva zambiri, makamaka usiku. Radio Nederland inali ndi malo olandirira ndi kupititsa patsogolo mawu ake ku Madagascar kuyambira 1972, kotero inkamveka bwino m'chigawo chino cha Africa. Ena ankasaka mawailesi a ku South Africa, kumene Springbok Radio inali ndi mndandanda wake wa Top 20, ndipo nyimbo za Luv' zinagulidwanso m'dzikolo.

Njira ina inali ya anthu oyenda. Kumpoto kuno mabanja ambiri anali ndi wachibale ku Joni, ku Rhodesia kapena ku migodi ya mkuwa ya ku Zambia. Kulemba anthu a ku migodi ya ku South Africa kunaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, koma kunayambiranso mu 1977, ndipo obwerera kwawo ankabwera ndi gumbagumba, mabatire ndi mulu wa zimbale. Munthu mmodzi wokhala ndi gumbagumba ankatumikira maukwati a dera lonse, kotero chimbale chimodzi chinkamvedwa ndi anthu mazana ambiri amene sanaonepo chikuto chake. N'chifukwa chake dzina la ABBA linkamatidwa pa nyimbo iliyonse ya mawu a akazi a Chizungu. Mukayang'ana m'mphepete mwa kapepala kapakati pa chimbalecho, kawirikawiri pamalembedwa dziko limene chinadindidwa, ndipo zimenezo zikuthandizani kudziwa ngati chinachokera ku Ulaya kapena kummwera.

Chonde musachiseweretse ndi singano yakutha, chifukwa imakumba mizere ndipo mawu sabwereranso. Chisungeni choimirira, kutali ndi dzuwa, komanso pamalo ouma, poti chinyezi cha ku Mzuzu chimabweretsa nkhungu pachikuto ndi m'mizere momwe.

Mwana wa ku Luwinga analembanso kuti:

Zikomo kwambiri Aphunzitsi, Amayi ndi Achimwene. Tawerenga mayankho anu tonse atatu pamodzi ndi anzangawo. Chimene chatigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya amene amalembedwa ngati wopeka, chifukwa nyimbo imene tikufuna kujambula tinaipeka tokha, koma bambo aja akunena kuti popeza iwo ndi amene aikemo zida, dzina lawo ndi limene liyenera kulembedwa. Ndikupempha mutiuzenso chimene chinachitika nyimbo ija itatchuka. Kodi gululo linakhalitsa, nanga dzina lakuti Luv' linatsala m'manja mwa ndani?

Mphunzitsi wopuma wa ku Katoto anayankhanso kuti:

Kutchuka kwawo kwenikweni kunatenga zaka zosakwana zinayi. Chakumapeto kwa 1978 anatulutsa "Trojan Horse", yodziwika ndi kamvekedwe ka zitoliro za ku Scotland koyambirira kwake, ndipo nayonso inafika pa nambala 1 kwawo. Mu 1979 kunabwera "Casanova", kenako anachoka ku Philips n'kupita ku makampani a CNR ndi Carrere, kumene anatulutsa "Ooh, Yes I Do", imene atayijambula m'Chisipanishi inagulidwa kwambiri ku Mexico. Chaka chomwecho bungwe la Conamus linawapatsa mphoto yake ya oimba amene agulitsa kwambiri nyimbo za dzikolo kunja. Mu 1980 Patty Brard anachoka ndipo malo ake analowa Ria Thielsch, koma mu 1981 gululo linatha. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti anagulitsa zimbale zoposa 7 miliyoni.

Za dzina, Marga Scheide ndi amene analilembetsa mwalamulo kukhala chizindikiro chake cha malonda, ndipo mu 1989 anaukitsa gululo ndi oimba ena awiri atsopano. Atatu oyambirira aja anakumananso mu 1993, nthawi imene nyimbo za m'ma 1970 zinabwereranso m'fasho ku Ulaya. Nyimbo yanu ija nayo sinafe, chifukwa mu 2000 woimba wina wa ku Netherlands, Loona, anaiyimbanso mwatsopano ndi mutu wakuti "Latino Lover".

Ndikugwirizana ndi Amayi a ku Chiputula kuti mawu a José ndi chikoka cha atatuwo zinali zawozawo, ngakhale ndikuumirirabe kuti popanda pulogalamu ya VPRO ndi luso la Van Hemert ndi Souer, nyimboyo sikanafika ku Germany, ndipo mwina sikanafikanso ku Luwinga. Koma nkhani yanu ikusiyana ndi ya Luv' pamalo amodzi ofunika kwambiri. Iwo ankaimba nyimbo zopekedwa ndi ena, choncho zinali zoyenera kuti maina a opekawo alembedwe. Inu mwapeka nokha mawu ndi maimbidwe, ndipo kuika zida ndi ntchito ina, yoyenera malipiro ake ndi kutchulidwa kwake, koma yosafafaniza wopeka.

Mayi wa ku Chiputula anawonjezera kuti:

Ana anga, musanalowe mu situdiyo khalani pansi ndi bambowo, mutengenso munthu wamkulu woti akhale mboni, ndipo mulembe papepala zinthu zitatu: opeka nyimbo ndi ndani, mwini wa chojambulidwacho ndi ndani, ndipo dzina la gulu likhala la ndani wina akadzachoka. Aliyense asayine ndipo asunge pepala lake. Kenako kalembetseni nyimboyo ku COSOMA, bungwe limene lakhala likuyang'anira za umwini wa ntchito zaluso m'dziko muno kuyambira 1992, m'maina a inu atatu. Pa zovala ndi nthawi yotulutsira nyimbo mungathe kumvera uphungu wawo, chifukwa mwina msika akuudziwa kuposa inu, koma ngati akana kulemba maina anu ngati opeka, masitudiyo ku Mzuzu kuno alipo angapo ndipo mungathe kukajambulira kwina.